Kukazinga Maso

Miyezi isanu ndi itatu ndinakhala ku Japani,
anandituma kukaphunzira za mbewu ya mpunga.
Ndinabwerako ndi satifiketi, ambulera yoonekera mkati,
ndi khosi lozolowera kuwerama.

Kumeneko koloko inkagunda faifi
koma wokoka mpando panalibe.
Kuwabara, mnzanga wa desiki yoyandikana,
ntchito atamaliza kalekale,
ankangosuntha mapepala, kumanja, kumanzere, kumanjanso,
diso limodzi lili pa jekete la abwana
lolendewera kuseri kwa chitseko.
Jeketelo likachedwa kutsika
mwana wake ankagona osamuona.
Usiku wina m'sitima ndinamufunsa:
kodi lamulo limeneli analemba ndani?
Anaganiza mpaka tinadutsa masiteshoni awiri.
Palibe, anatero. Umangomva m'mpweya.

Nditabwerera kuno ku Lifuwu
ndinaisimba nkhaniyi pa tiyi wa teni koloko.
Twaibu anaseka mpaka kutsamwa ndi chigumu.
Anthu opanga galimoto, kuopa jekete!
Nanenso ndinaseka, ndithu ndinaseka,
ndikuwerama mowayeserera, kapu ili m'manja.

Ndiye kunadza Lachinayi lija.
Mbewu zana tinaziyala pansanza yonyowa,
ine ndi Esinala, mtsikana wongoyamba kumene,
ndipo patatha sabata tinawerenga zomera.
Sikisite-wani.
Tinawerenganso ndi kachitsotso, imodzi imodzi.
Sikisite-wani.
Matumba anali atasokedwa kale, lole ikudikira panja,
ndipo pafomu wina anali atalemba eyite-faifi.

Fomu inazungulira tebulo ngati mbale ya chopereka.
Mayi Nachisale anasaina.
A Kalilangwe anapukuta magalasi, nasaina.
Palibe anandiopseza. Abwana ankayang'ana foni.
Fani yakudenga inkangolira kwiii, kwiii.
Twaibu anandigunda ndi bondo pansi pa tebulo:
ukapeza anzako akukazinga maso, achimwene,
nawe kazinga ako.

Bolopeni inali yotentha ndi manja a anzanga.

Koma ndi sikisite-wani,
anatero Esinala, mawu ake aang'ono ngati a mwana wa sukulu
amene sakudziwa kuti funso silinali lofuna yankho.
Anandiyang'ana. Tinawerenga limodzi paja.
Ine ndinayang'ana dzina langa
likutuluka lokha kunsonga kwa bolopeni.

Sanamuchotse ntchito, ayi, ife sititero.
Kungoti pa chipereganyu malo anatha.
Kapu yake inasiya kutsukidwa pamodzi ndi zathu.
Akalowa, nkhani imasanduka ya mvula.
Tsiku la maliro a mayi ake a dalaivala
tonse tinakwana m'lole, ngakhale nkhuni zinakwana,
iye anabwera pakabaza, fumbi mpaka m'nsidze,
nakhala kumapeto kwa mphasa
pomwe dzuwa linali.

Ntchito yanga m'munda wa mbewu ndi iyi:
kuyenda m'matope m'mawa, mzere ndi mzere,
kufuna phesi lotalika kuposa anzake,
lofulumira kubereka, la ngala yofiirira,
ndi kulizula, kuti mtundu usasokonezeke.
Ndimaidziwa bwino ntchito imeneyi. Ndinakaiphunzira kutali.
Dzulo ndinapeza limodzi pafupi ndi ngalande,
ndinaligwira m'khosi,
ndinaima choncho mpaka msundu unandiluma pakakolo.

Kwinakwake cha ku Khombedza
munthu wagulitsa mbuzi, wagula thumba lathu,
wafesa nazale, akuthirira.
Pa mbewu zana zilizonse
makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi zidzangogona m'dothi,
ndipo iye adzati mwina ndi mbewa,
mwina ndi dzanja lake.

Kuwabara amanditumizirabe uthenga pa Chaka Chatsopano.
Amafunsa ngati kwathu kuno timawerukadi dzuwa likadalipo.
Ndimayankha kuti inde, faifi ikangokwana,
tonse pamodzi,
pakhomo limodzi.