Mzere Wopanda Rula

Mayeso anga a samu a Fomu Thuu,
aja ndinapeza 31,
ndinakakumana nawo kudepoti atapindidwa ngati nyanga,
m'kati muli mtedza wokazinga.
Anawapinda ndi azakhali anga, NyaHarawa,
amene sukulu anailekezera Sitandade Folo
chaka chimene bambo awo anapita ku Joni osabwerako.
Kutembenuza kamodzi, kukanikiza ndi chikhadabo, basi.
Pansonga sipadutsa ngakhale kambewu ka mchere.

Lolemba lake a Luhanga analowa m'kalasi opanda choko.
Chifunga cha Juni chinali chitatsamira mawindo a ku Katoto,
ife manja m'khwapa.
Anathothola masamba m'kaundula wakale.
"Pindani pakati. Pindaninso."
Awiri, anayi, asanu ndi atatu,
pepala likunenepa uku likuchepa.
Kachisanu ndi chiwiri linakana,
kuuma gwa ngati chidendene cha mlimi.
Gomezgani analiluma ndi mano, osatheka.
"Likanalola makumi anayi ndi kawiri,
mukanaima pamwamba pake n'kugogoda pamwezi."
Tinaseka. Iwo ankangopukuta magalasi.

Anati lusoli linachokera kutali kotulukira dzuwa,
kumene pepala linali la anthu olemera
ndipo ankalipinda mwaulemu, pa ukwati ndi pa nsembe,
mpaka ana analilanda n'kupangamo achule
ndi mbalame za makosi ataliatali.
Akatswiri a samu anafika mochedwa, ngati apolisi,
kudzafunsa zimene manja ankadziwa kale.

"Tsopano funyululani mbalameyo."
Inafera patebulo, n'kusiya mapu ake:
mizere ina yatumphuka ngati mapiri a Viphya,
ina yalowa pansi ngati zigwa.
"Pamene yakumanapo, werengani.
Mapiri ndi zigwa zimasiyana ndi ziwiri.
Osati chimodzi. Osati zitatu."
Ndinawerenga kakhumi kuti ndiwagwire bodza.
Belu linandipeza ndikuwerengabe.

Madzulo ndinathamangira kudepoti,
makondakitala akukuwa Karonga, Karonga,
ndinatola nyanga imodzi m'lichero la azakhali,
kukhuthulira mtedza m'thumba la yunifomu,
kuifunyulula pabondo
kuti ndiwaonetse samu imene inali m'zala zawo.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Wamaliza? Libwezere mmene unalipezera."

Katatu ndinayesa.
Katatu mtedza unatulukira pansi,
nkhunda za padepoti n'kundithokoza.

Lero choko chili m'manja mwanga, ku Zolozolo.
Azakhali maso anachita khungu,
koma ukawapatsa risiti ya madzi
amaibweza ili ndi nsonga.
Pepala lija ndinalisunga m'Baibulo, ku Miyambo.
Lili ndi dontho la mafuta pa funso lachinayi.
Ndaliyikapo mabuku olemera zaka khumi ndi zisanu,
ndinayesa ngakhale simbi ya makala,
koma pepala siliiwala pamene linagonja.
Mzere wawo ulipobe, woongoka wopanda rula,
wadutsa pakati penipeni pa 3 ndi 1.