Dzina Lachisanu ndi Chiwiri

Pepala linabwera Loweruka m'mawa,
chifunga chisanachoke m'mapiri a Kaning'ina.
A Silungwe analitulutsa m'thumba la jekete, lopinda kanayi,
bolopeni atamangirira ku ulusi ngati ya ku banki.
Mayina asanu ndi limodzi anali atakhala kale.
Langa linatsatira.

Musandiyese mfiti.
Kuno ku Chimaliro madzi amabwera pakati pa usiku,
kudontha pampopi ngati munthu wowerenga ngongole.
Onjezanipo ana khumi ndi anayi,
matewera, mabulangete a mu Juni,
muone ngati m'ndowa mwanga mudzagwe kanthu.
Msewu wathu ndi womwewu: mvula ikagwa
ngakhale wakabaza amatsika n'kumakankha.
A Silungwe akuti mitengo ya nyumba idzatsika.
NyaHarawa akuopera mapeyala ake
ndi mtsikana wake wa Fomu Thuu.
Wina anati ana otere sadziwika kochokera,
amabwera ndi zawo m'magazi.
Apo sindinayankhe.
Ndinangoyang'ana zala za kumapazi kwanga.

Nyumbayo ndi ya malemu a Chavula, aphunzitsi a masamu.
Zaka zinayi yakhala chitsekere,
mileme ndi akangaude akugonamo ulere,
udzu kufika pawindo, njoka kuwoloka kubwera kwathu,
palibe anayendetsa pepala.
Tsopano mwana wawo Tiwonechi wasiya unamwino ku Ekwendeni,
wapenta makoma, wakumbanso ngalande,
ndipo kalipentala wa ku Zolozolo
akukhoma mabedi osanjikiza patsinde pa gwafa,
misomali atailuma pakamwa.

Lolemba ndinapita kukabweza wilibala
yomwe ndinabwereka bambo ake akadali moyo.
Ndinaima pakhomo la kukhitchini.
Penti yatsopano ponseponse,
koma felemu la chitseko sanalikhudze:
timizere ta pensulo, kuyambira m'chiuno mpaka kupitirira phewa langa,
dzina ndi chaka, dzina ndi chaka.
Lusekelo wa ku Chitipa.
Vitumbiko wa ku Hewe.
Mapopa, amene amayi ake sanatuluke m'chipatala.
Wina anangolembedwa kuti "wa alonda".
Ndinawerenga khumi ndi atatu.
A Chavula anabereka awiri okha.

Onsewo ndinkawadziwa.
Anandithera mapichesi asanapse.
Mmodzi anaswa galasi la kuchipinda kwanga ndi legeni,
yemweyo ndiye anathamanga wopanda nsapato kukadzutsa mwini galimoto
usiku umene shuga anandigwetsa kubafa.
Masiku amenewo tinkangoti kwa a Chavula kuli ana.
Pageti panalibe chikwangwani,
kukhonsolo kunalibe fomu,
ndiye sitinadziwe kuti tiyenera kuopa.

Tiwonechi sanatchule za pepala,
ngakhale akudziwa, Chimaliro sasunga chinsinsi.
Anandithirira tiyi, nandifunsa za bondo,
kenako nati, kodi mabulangete otsika mtengo ku Taifa
amagulitsa ndani?
Ndinamuuza.
Ndinamuuzanso poyambira ponenerera,
ndi kuti asapite atavala nsapato zabwinozo.

Msonkhano uli Lachinayi kukhonsolo.
A Silungwe andisungira malo kutsogolo m'galimoto,
akuti mawu a munthu wamkulu amalemera.
Za madzi sindiname, vuto lilipo ndithu,
ndipo ndikafunsidwa ndidzanena.

Koma usiku uno nyundo yaleka,
mvula yayamba kuyenda pamalata,
ndowa ili pansi pa mpopi, kudikira,
ine tulo tandithawa.
Ndikuganiza za inki, mmene imaumira msanga,
ndi za pensulo ija ya a Chavula,
yomwe mwana aliyense akanaifufuta
ndi chala chonyowetsa malovu,
koma mpaka lero ili pomwepo.