Bwana Ndine, Wantchito Ndine

Kampani yanga imakwana m'jumbo:
chidindo, satifiketi yothimbirira m'mphepete,
ndi dzina lalitali, Likambale Magetsi Limitedi,
losakwana pachitseko cha nyumba ya lendi ku Chinamwali.
Dayilekitala ndine. Wokwera makwerero ndine.
Wosesa timawaya ntchito ikatha, ndinenso.

Kale tinkamvana, ine ndi kampaniyi.
Cheke chikalowa ndinkatapa ya ufa, ya makala,
ya mafuta a njinga yamoto,
ngati wochotsa m'thumba lamanzere kuika lamanja.
Chaka chikatha ndinkakakhuthula marisiti
padesiki ya a Nampuntha, owerengera ndalama,
iwo n'kupukusa mutu, n'kuwongola pepala lililonse ndi chikhatho
mpaka manambala agwirizane.

Chaka chino a Nampuntha anavula magalasi.
"Bambo Likambale, zasintha.
Musanadzilipire, muyambe mwanena.
Dzina, tsiku, ndalama, msonkho wake,
zipite pakompyuta kwacha isanachoke kubanki.
Mwezi ndi mwezi. Osati mukakumbukira."
Ndinati, kodi munthu amaodira m'nyumba yake yomwe?
Anati, "Nyumbayo si yanu. Ndi ya Limitedi."

Ndiye pa twente-eyiti ndili pano,
m'kachipinda ka intaneti kuseri kwa depoti,
magetsi atathima.
Ine wamagetsi, pulayala m'thumba,
ndakhala pabenchi kudikira magetsi.
Nkhungu yatsika m'phiri, yameza mapaini,
mvula ikuwomba malata ngati mwini ngongole.
Sukulu imene ndinaiyalira mawaya mu Julaye ku Thondwe
ikuti fayilo yanga ili patebulo la munthu
amene ali kusemina.
Zotsala kubanki ungaziwerenge uli chiimire.

Babu laphethira. Layaka.
Zaithwa, mwana wanga wa Fomu 3,
ndiye amadziwa kumene zilembo zimabisala.
Mzere woyamba, Twaibu, wondigwirira makwerero,
mkazi wake ali woyembekezera. Lemba yonse.
Mzere wachiwiri, Lusiyano, wophunzira ntchito,
amene amayenda wapansi kuchokera ku Sadzi. Yonse.
Mzere wachitatu,
dzina langa, m'zilembo zazikulu,
ndi kabokosi kopanda kanthu pambali pake.

"Adadi, apa tilembe zingati?"

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikutchula mitengo:
wa soketi, wa swichi, wa nyumba yonse ya zipinda zinayi,
ndikutsutsana ndi madona a ku Kalimbuka pa faifi handiredi.
Palibe anandifunsapo mtengo wanga.

Ndinatchula.
Zala zake zinaima m'malere.
"Koma ndi yochepa kuposa ya a Twaibu."
Lemba, mwana iwe.
Kabokosi sikanadabwe. Kanameza,
kanazungulira, kanazungulira,
netiweki ikukoka mwendo ngati minibasi pachitunda,
kenako kanabiriwira.
Kwinakwake, mu ofesi imene sindidzaiona,
tsopano akudziwa kuti ndilipo, ndiponso kuti ndine wotchipa.

Madzulo foni inalira m'thumba.
Limitedi yalipira Likambale.
Zaithwa anasindikiza kapepala ka malipiro,
koyamba m'moyo wanga,
kokhala ndi dzina langa pamwamba ndi pansi pomwe.
Ndinakapinda kanayi mvula isakanyowetse.

Kunyumba mayi a Zaithwa anakawerenga pafupi ndi kandulo,
poti anali atathimanso.
Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda.
"Ukamuuze bwana wakoyo
kuti lendi yakwera, ndipo fizi ndi Lolemba.
Akapanda kumva, umusiye ntchito yake."

Ndinamuuza usiku womwewo,
mwaulemu, ndi mawu apansipansi,
monga amachitira munthu woopa kuchotsedwa.
Bwana sanayankhe.
Anangokoka bulangeti
n'kutembenukira kukhoma.