Sefa Ziwiri

Ku Limbe, kuseri kwa sitolo ya matayala,
kuli kachipinda konunkha ndere
komwe Idrisa amagulitsa nsomba zosadya.
Ndinapitako Lachitatu ndi envelopu ya penshoni,
chiperoni chitandinyowetsa mpango.

Madzi a m'thanki yathu achita mbuu, ndinatero,
nsomba za bambo akunyumba zikungoyasamula pamwamba
ngati anthu odikira minibasi ya ku Chilomoni.

Anatulutsa ziwiri n'kuziika pa kauntala.

Iyi, mayi, imakhala m'madzi momwemo.
Mumaimata pa galasi, pakona,
ili ndi kasiponji m'mimba mwake.
Njotchipa. Siidontha, poti idonthera kuti?
Kungoti imalanda malo a nsomba,
ndipo Loweruka lililonse muzipinda malaya,
kulowetsa mkono mpaka m'chigongono
n'kuifinya ndi manja anu.

Inayi imakhala kunja, pansi pa tebulo.
Mapaipi awiri, ina yotenga, ina yobweza.
Madzi amatuluka akuda, amabwerera oyera.
Mphamvu zake n'zambiri, mtengo wakenso chimodzimodzi,
koma mphira ya pa chivundikiro ikangotha
mudzadzuka kapeti ikusambira.

Sindinayankhe msanga.
Mnyamatayo ankayesa ndikuwerengera ndalama mumtima.

Akanadziwa bwanji kuti mapaipi awiri ndimawadziwa?
Lolemba ndi Lachinayi, ku Queens,
ndimakhala pa benchi ndi fulasiki ya tiyi
kuyang'ana magazi a bambo Matewere
akutuluka pa mkono, kuzungulira m'makina,
n'kubwerera kwawo atasamba
ngati mwana wotumidwa kudambo.
Sefa zawo ziwiri zam'kati, zobadwa nazo,
zinagwira ntchito zaka makumi asanu ndi limodzi
osapempha tchuthi,
ife osazithokozapo n'kamodzi komwe.
Dzina lake tinalimvetsa tsiku lomwe zinaleka.

Nanga magetsi akathima? ndinafunsa.
Zonse zimagona, mayi, anatero akukanda m'mutu.
Yakunjayo ikagona nthawi yaitali
madzi a m'mimba mwake amaola,
magetsi akabwera imawalavulira nsomba.

Ndinatenga yam'kati.
Idrisa anaikulunga m'nyuzipepala ya sabata yatha
ndipo pondipatsa chenje anati,
siponjiyo musamachapire madzi a pampopi,
tungani a m'thanki momwemo.
Muli tizilombo tabwino tosaoneka,
ndi timene timagwira ntchito yeniyeniyo.

Kunyumba ndinawapeza pa mpando wawo wa pawindo,
mapazi otupa ali pa sitululu,
phiri la Michiru litabisala mu nkhungu.
Anaitembenuza m'manja, anaigwedeza pafupi ndi khutu.
Mukanagula yakunja, amayi, ndiyo yamphamvu.
Funsani ine, ndine kasitomala wake.
Anaseka mpaka kutsokomola.
Ine ndinapita kukhitchini kukafuna sizasi
yomwe inali m'thumba la epuloni yanga.

Sindinawauze kuti pabalaza pano
sindifunapo chinthu china cha mapaipi awiri,
kuti ndikufuna chomwe ndingachigwire,
kuchitsegula, kuchifinya, litsiro n'kuliona
likutsika pakati pa zala zanga,
n'kunena kuti apa ndiye ndathandiza.

Pofika Lachisanu madzi anayera.
Miyala yomwe anatola okha ku Mudi inaonekanso,
ndi kambiya kosweka komwe kansomba kamizeremizere kamabisalamo.
Iwo amaloledwa makapu awiri okha patsiku,
choncho amakhala pamenepo madzulo onse
kumwa ndi maso malita makumi asanu ndi atatu.

Usiku kasefako kamang'ung'udza pakona pake.
Ndimadzuka, kumvetsera kaye kupuma kwa munthu,
kenako iko.
Dzulo magetsi anathima cha m'ma thu koloko.
Ndinapita ndi kandulo ndi kapu ya pulasitiki,
kutunga, kuthira kuchokera m'mwamba, kutunga, kuthira,
kuti nsomba zipeze mpweya.
Kuchipinda mawu anafunsa, zilipo zingati?
Zisanu ndi ziwiri, ndinayankha,
ndisanawerenge.