Wachikhumi

Pachitseko panalembedwa kuti Mkulu wa Bungwe,
koma m'mawa ndimawapeza atakwera pampando,
akusintha babu, foni ataipanira paphewa,
akulimbana ndi a kasitomu ku bwalo la ndege
za makatoni atatu a buledi wopanda yisiti
amene agona kumeneko chiyambire Lolemba.

Ine ndine wa mabuku.
Ndimawerenga makwacha, malisiti, malita a dizilo,
Lamulungu ndimaimba besi ku tchalitchi kwathu ku Kawale.
Mayi Dalia Brenner anandilemba ntchito osafunsa zimenezo,
anangofunsa ngati ndimatha kukana
munthu wamkulu akafuna ndalama popanda siginecha.

Bungwe lonse ndi ili:
nyumba ya lendi ku Area 10, denga lodontha pakona,
mabanja achiyuda khumi ndi anayi,
ena a kontilakiti ya zaka ziwiri, sutikesi yosamasula bwino,
komiti ya anthu asanu
yokhala ndi maganizo asanu ndi atatu.
Iwo amamva onsewo, kugwedeza mutu,
kenako n'kupita okha kukagula misomali.

Mwezi wa fumbi anamwalira Bambo Mendel,
aja ankagulitsa zitsulo za galimoto ku Malangalanga
ine ndisanamere mano.
Mwana wawo anatera ndi ndege ya masana, maso ali gwa,
nati, pemphero la bambo anga silinenedwa ndi munthu mmodzi,
pafunika khumi.

Khumi! Mu Lilongwe wopanda mafuta,
mizere ya galimoto itazungulira mafilingi siteshoni ngati linthumbu.

Anakhala pansi ndi kabuku kakuda, nayamba kuimba.
Dokotala wa ana ku Central anati abwera akatha opaleshoni.
Wina ali ku Dedza, thanki ili mbee.
Awiri sayankhulana chiyambire chisankho cha komiti;
anawaimbira onse, aliyense n'kumuuza kuti,
mnzako wavomera kale.
Limenelo linali bodza. Ndinalimva. Sindinalilembe.

Dzuwa likupendeka pabalaza panali anthu,
magalasi ataphimbidwa ndi nsalu, ofedwa atakhala pamipando yaifupi.
Ndinatukula chala kuti ndiwerenge, mwa chizolowezi,
iwo n'kundigwira dzanja:
kwathu anthu sitiwawerenga ngati matumba, a Kambalame.
Ananong'ona vesi la mawu khumi,
liwu limodzi pamutu umodzi,
vesi n'kuima panjira, liwu lomaliza lilibe mwini.

Nanga ine? ndinatero.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Inu mwatigwirira nyumba yonseyi, anatero,
koma mtolo uwu tokha tiusenze.
Zinandiwawa pang'ono, ndisaname.
Kenako ndinakumbukira kuti kwathunso pamaliro
pali mawu amene mlendo, ngakhale wokondedwa, sanena.

Magetsi anazima, monga mwa masiku onse.
Kandulo ya malemu inali ikuyaka kale.

Ndiye kunja kunalira kabaza,
njinga yamoto yotsokomola, yochokera ku Kanengo,
kumbuyo kwake mnyamata wa mapaipi a mthirira,
matope mpaka m'mawondo, malemuwo sanawaonepo n'kamodzi komwe.
Analibe chovala kumutu.
Anamubwereka kapu ya mlonda wathu.

Vesi linafika kumapeto.
Mawu sindinawamve, koma Ameni ndinamudziwa,
ndipo ndinamunena chamumtima, ndili pakhonde,
ndikulipira wa kabaza amene anakana kutsitsa mtengo.

Lolemba m'mawa ndinawapeza ali pampando uja,
tsopano akumata denga,
a komiti atatumiza kale mauthenga asanu ndi awiri
ofunsa chifukwa chake bajeti ya mafoni yaphulika.
Ndinatsegula buku.
Ya kabaza ija ndiilembe pati? Pa maulendo?

Anaganiza, msomali uli kukamwa.
Ayi, anatero. Lembani pa zokonzetsa nyumba.