Msau wa ku Ngabu pa Chirimba

Ine ntchito yanga ndi nsapato.
Zaka makumi atatu pakhonde la golosale ku Chirimba
zandiphunzitsa kuti chikopa ndi labala zimagwirana
ukazipala bwino, ukapaka guluu, ukadikira.
Ndiye ndinkati mtengo nawo ndi chimodzimodzi.

Tinthambi ndinakadula ku Ngabu,
kuseri kwa nyumba ya malemu a Zuze,
pa msau umene Ferista ankakwera ali buthu,
wa zipatso zonga mazira a nkhunda,
zosakwinyitsa nkhope.
Chimugwireni sitiroko sanapiteko kwawo,
mwendo umakana sitepe ya minibasi.
Ndinati basi, kwawoko kubwere kuno.

Ndinatikulunga m'thaulo lonyowa,
ndinatifungatira pokwera zitunda za Thabwa,
injini ikulira ngati mbuzi yomangidwa,
kondakitala n'kumafunsa ngati ndi zitsamba za bizinesi.

Ndinamezanitsa pa mango wa pakhomo. Anakana.
Pa gwafa, sabata ziwiri kanthambi kanada bii.
Pa pichesi wa kuseri kwa bafa
ndinachita kunyengerera ndi mawu.
Zonse gwa, ine n'kumatukwana lezala.

A Likoswe, opuma ntchito ku nazale,
anabwera ndi sandasi yoduka lamba,
anaona mabala a mitengo yanga,
anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa.
"Akulu, mtengo si nsapato.
Guluu wake ndi chibale.
Msau umafuna msau unzake,
womera wokha pa nthangala yolavulidwa.
Ukasowa, yesani kankhande, msuweni wake wa minga yokhota,
tsiku lina amalola, tsiku lina ayi.
Mango angaupatse moni, koma kuyamwitsa ayi."

Kuseri kwa msika, potaya amayi masau oola,
ndinazula timisau tisanu ndi tiwiri,
taminga, tosaoneka bwino, ana a m'dzala.
Ndinatilera chaka ndi madzi otsukira mbale
mpaka tinanenepa ngati pensulo.
Kenako ulendo wina wa ku Ngabu,
ndalama ya nsapato khumi ndi zinayi.

Dulani tsinde pamwamba pa chikhatho, anatero a Likoswe.
Ling'ambeni pakati, pang'ono, lisachite kuyasama.
Kanthambi musongole uku ndi uku,
kawiri kokha, musamachite ngati mukupala chidendene.
Pabala musagwirepo, zala zanu n'za polishi.
Khungwa likumane ndi khungwa, ngakhale mbali imodzi.
Tinamanga ndi timizere ta pepala la shuga,
kuyambira pansi kukwera m'mwamba,
n'kuveka kalikonse kajumbo ka fulizesi
ngati ana opita kusukulu tsiku la mvula.

Kamodzi mbuzi ya aneba inadya, ndi pepala lomwe.
Kena mpira wa anyamata unathyola.
Titatu tinangouma, osatsanzika.
Tiwiri, m'mawa wina wa Okutobala,
tinatuzula maso obiriwira m'kati mwa thukuta la pulasitiki,
ine n'kukhala pansi pomwepo, kuntchito ndinafika teni koloko.

Koma tsinde siliiwala kuti ndi ndani.
M'munsi mwa chipsera limatulutsa mphukira zakezake,
zaminga, zanjala, zofuna kulanda mlendo chakudya.
M'mawa uliwonse ndimazitsina ndi chikhadabo,
n'kumapepesa chamumtima,
pakuti nanenso ndikudziwa kusenza
moyo wa wina pa miyendo yako.

Chaka chachitatu, Juni, chiperoni chili mbuu pa Michiru,
ndinathyola asanu ndi anayi, ndinawerenga kawiri,
ndinawatsuka, ndinawaika m'dzanja lake lamoyo.
Analuma limodzi, anatafuna nthawi yaitali
mbali ya kamwa imene imamvera.
Nthangala analavulira m'chitenje.

"A kwathu amaposa apa," anatero.
"Kuno dzuwa lake n'laulesi."

Ndinangoti eya, n'kumayang'ana chipsera pa tsinde,
chotupa ngati msoko wa wophunzira kumene.

Iye anatambasula dzanja.
"Enawo mukusungira ndani?"