Utoto Wobwereka

Mlamu wanga Gelesomu, woyendetsa thiraki,
wadutsa pa Mwami Lachiwiri ndi kachitini m'thumba la jekete.
Akuti ndi salimoni, nsomba ya kumaiko ozizira,
ndikaonetse ana anga a Fomu 3 kwa Kamwendo.

Tatsegula ndi mpeni wa mlonda.
Mnofu wake ngati mkati mwa papaya wakupsa,
ngati njerwa ya pakati pa uvuni.
Msatero, wa benchi yakumbuyo, akuti, "Ndi magazi amenewo, sala."
Ayi, mwana iwe. Magazi akaphikidwa amada.

Labu tilibe.
Tili ndi mabotolo awiri akale a mankhwala a chifuwa,
lina la madzi a pa mjigo, lina la mafuta ophikira
omwe ndaba kukhitchini kwanga mkazi wanga akusesa.
Tanyenya mnofu, tagawa, takhutchumula.
Madzi akana, angoti mbuu.
Mafuta ndiwo amulandira mlendoyo,
pang'onopang'ono, mpaka psuu.

Ndawauza kuti utotowu mwini wake si nsomba.
Ndere za m'nyanja yamchere ndizo zinaupanga,
tinkhanu tochepa ngati mpunga tinadya ndere,
nsomba inadya tinkhanu.
Aliyense amangomusungira mnzake.
Abale a utotowu ali konkuno:
m'dzungu, m'mango, m'mbatata yofiira mkati,
m'dzira la nkhuku yachikuda yoswera kudimba.
Iswani la nkhuku yotsekeredwa, yodya gaga yekha,
muone mmene lasulukira.

Belu linali pafupi kulira
pamene Ndaona, amene salankhula chaka chonse, anakweza dzanja.
"Nanga kufiirako kumathera kuti?"

Ndinayankha ngati buku.
Yaikazi ikamakwera mtsinje kukaikira, imasiya kudya.
Imasamutsa utoto kuchoka m'mnofu
n'kuulonga m'mazira, limodzilimodzi,
yokha n'kutsala yotuwa ngati phulusa la dzulo.

Sanalembe.
Anangotembenuza zikhatho zake, n'kumaziyang'ana.

Mayi ake ndimawadziwa.
Amagulitsa tomato pafupi ndi depoti,
ana asanu ndi awiri, wina kumsana,
milomo yotuwa, m'maso muli mbee,
akaimirira msanga amagwira kaye mtengo wa benchi.

Anzake atathamangira chitini kukanyambita msuzi,
iye anabwera patebulo kudzapempha botolo lamafuta lija.
Sindinafunse. Ndinatseka bwino chivindikiro.
Ndinamuona pawindo akudutsa bwalo la mpira,
atalinyamula ndi manja awiri,
akuliimika padzuwa, n'kuyendanso.